Laputopu yotaya Wi-Fi magetsi akathima: lipoti la ntchito ya pa ofesi ina ku Limbe

Dandaulo

Ofesiyi ndi yaing'ono, ili pamwamba pa mashopu ku Limbe, ndipo ntchito yake ndi kusungira amalonda mabuku a ndalama ndi kuwalembera mafomu a misonkho. Intaneti imachokera pa rauta imodzi ya 4G yolowetsa simu, yomwe imakhala pamwamba pa kabati pafupi ndi zenera. Pa rautayo pamalowa malaputopu atatu, pulinta ndi mafoni a aliyense. Yovuta inali laputopu imodzi yokha, ya mayi amene amatumiza misonkho ya makasitomala ku MRA kudzera pa Msonkho Online. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, imayenera kufika pasanadutse masiku 14 mwezi ukatha, choncho laputopu imeneyi ikangoti gwa, ofesi yonse mitima imakhala m'mwamba.

Atandiimbira foni, mayiwo anangoti: "Achimwene, Wi-Fi yanga ikubwera ndi kupita mmene yafunira. Anzanga onse ali pa intaneti, ine ndekha ndiye ayi."

Kasitomala akati Wi-Fi sikugwira, sindikhudza kanthu mpaka nditadziwa pomwe ikudukira. Mwina dzina la netiweki silikuoneka n'komwe pamndandanda. Mwina likuoneka koma laputopu ikukanidwa kulowa. Mwina yalowa koma rauta sinaipatse adiresi, nambala yoizindikirira pa netiweki. Mwinanso zonsezo zili bwino, koma rautayo ilibe njira yotulukira kunja, monga zimakhalira bandulo ikatha. Kwa mwini laputopu zonsezi n'chimodzimodzi, tsamba silikutseguka basi. Kwa wokonza ndi mavuto anayi osiyana, ndipo kukonza kwake n'kosiyananso.

Nditafika ndinawafunsa mayiwo kuti ikavuta, pakona yakumunsi ya sikirini pamaoneka chiyani. Yankho lawo linandithandiza kuposa chida chilichonse chomwe ndinanyamula.

"Maina a eni ake onse amaoneka, ngakhale la shopu ya pansipa. Lathu lokha ndi lomwe limasowa. Ndiye nthawi zina likakhalapo, ndikangoinyamula kupita nayo mu ofesi ya abwana, imaduka."

M'mawu amenewo munali madandaulo awiri. Dzina losowa pamndandanda ndi nkhani ina, kuduka ukasamukira chipinda china ndi nkhani inanso. Ndinaganiza zoziyang'ana padera.

Mbiri ya laputopu ndi zomwe ena anayesa

Laputopuyi inagulidwa yogwiritsidwa kale ntchito, monga ambiri mwa malaputopu a m'maofesi mwathu muno. Kunsi kwake kunali kapepala komata ka sukulu ina ya ku America, kong'ambika mbali imodzi, ndipo chaja yake inali ya mano athyathyathya yolowetsedwa mu adaputala kuti ikwane pa soketi zathu za mano atatu. Muli Windows 10. Chaka chatha inagwa pa desiki, sikirini n'kusweka, ndipo anakaisinthitsa kwa okonza a mumsika.

Chiyambire vuto la Wi-Fi, wokonza wina anali ataifomata kale, kenako n'kuifomatanso. Ulendo uliwonse inkabwera yooneka ngati yachira, igwira masiku angapo, kenako vuto lija n'kubwerera. Mnyamata wina wa mu ofesimo anali atayesanso malamulo omwe anthu amapatsana pa intaneti, monga netsh winsock reset ndi ipconfig /flushdns. Malamulo amenewa alibe vuto, koma amakonza zapamwamba, za adiresi ndi maina a mawebusaiti. Sangachite kanthu pa laputopu yomwe sikumva rauta n'komwe.

Abwana anali atagamula kale mlandu. Iwo amati magetsi anawotcha kena kake mkatimo chifukwa vutoli limakonda kubwera tsiku lomwe magetsi azima, ndiye bola kungogula laputopu ina. Chigamulocho chinali cholakwika, koma zomwe anaona zinali zoona, ndipo ndinazisunga.

Kufufuza gawo loyamba: dzina losowa

Monga zimakhalira ndi mavuto obwera ndi kupita, nditafika ine laputopu inali pa intaneti bwinobwino. Zachizolowezi ndinazidutsa mwachangu. Airplane mode inali yozimitsa, batani la Wi-Fi pa kiyibodi linkagwira, mu Device Manager munalibe chizindikiro chachikasu pa khadi la Wi-Fi (kachipangizo ka mkati mwa laputopu komvera rauta), WLAN AutoConfig, mbali ya Windows yoyendetsa Wi-Fi, inkayenda, tsiku ndi nthawi zinali zolondola. Tsiku ndimaliyang'ana nthawi zonse pa makina akale, chifukwa kabatire ka CMOS kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo, mawebusaiti otetezedwa n'kumakana kutseguka, anthu n'kumanamizira Wi-Fi. Apa sizinali choncho.

Chothandiza choyamba chinachokera pa lamulo loti netsh wlan show drivers. Pa mzere wa Radio types supported panalembedwa 802.11b, 802.11g ndi 802.11n basi. Palibe 802.11a, palibe 802.11ac. Ndiye kuti pa magawo awiri a mafunde a Wi-Fi, 2.4 GHz ndi 5 GHz, khadili limamva 2.4 GHz yokha. Rauta ya mu ofesimo imaulutsa 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi, ndipo malaputopu awiri enawo, omwe ndi atsopanoko, ankakhala pa 5 GHz. Choncho mawu oti "anzanga onse ali pa intaneti" sanali umboni woti mbali ya 2.4 GHz ili bwino. Anzawowo sankaigwiritsa ntchito.

Kenako ndinatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba netsh wlan show wlanreport. Lamuloli limatulutsa lipoti la zonse zomwe khadi lachita pa masiku atatu apitawo: nthawi yomwe linalowa pa netiweki, nthawi yomwe linaduka, ndi chifukwa chomwe Windows inalemba. Okonza ambiri salidziwa, koma pa vuto lobwera ndi kupita limapulumutsa maola ambiri. Lipotilo linaonetsa zinthu ziwiri. Panali kudukaduka kwakufupikufupi masana, komwe ndinakuika pambali kaye. Ndiye panali mpata umodzi waukulu, kuyambira mmawa wa dzulo lake mpaka madzulo, womwe laputopu inali yoyatsa koma sinayese n'komwe kulowa pa netiweki ya ofesi. Munalibe zoti pasiwedi yakanidwa kapena rauta yakana. Laputopu sinkaiona netiwekiyo.

Apa ndinakumbukira zomwe abwana anaona. Nyumbayi ili ndi jenereta, ndipo alonda amalemba m'kabuku nthawi yomwe ayatsa ndi kuzimitsa, chifukwa cha kawerengedwe ka mafuta. Ndinatsika kukapempha kabukuko.

"Bambo, mungandibwerekeko buku la jenereta ndione za dzulo?"

"Ili apa, bwana. Dzulo anathima mmawa, anabwera chakumadzulo."

Nthawi zake zinagwirizana ndi lipoti la Windows. Dzina linasowa jenereta itayatsidwa, ndipo linabwerera magetsi atabwera. Pa nthawi ziwiri zonsezo rauta inazima n'kuyakanso, pakuti jenereta ya nyumbayi siilandira yokha, pamakhala mphindi zingapo za mdima. Nditafunsitsa mayi aja, anakumbukira kuti si kuthima kulikonse komwe kumabweretsa vutoli. Tsiku lina magetsi azima n'kubwera, laputopu ili phee pa intaneti. Tsiku lina dzina lisowa mpaka mawa.

Khadi lowotchedwa silichira lokha madzulo. Chomwe chinkasintha chinali ku rauta, ndipo chinkasintha pa nthawi yoyaka. Pa rauta wamba, chinthu chomwe chimatha kusintha poyaka popanda munthu kukhudza ndi tchanelo, kanjira ka mafunde komwe rauta imaulutsira, ngati yasiyidwa pa Auto kuti rauta izisankha yokha.

Ndinalowa pa tsamba la rauta. Pasiwedi yake inali ikadali yomwe ija yolembedwa kunsi kwake. Tchanelo ya 2.4 GHz inali pa Auto, ndipo mndandanda wake unkayambira 1 mpaka 13. Panthawiyo rauta inali pa 6. Ndinaika pa foni pulogalamu yoonetsa manetiweki ndi matchanelo ake, ndinapempha anthu andipirire pang'ono, n'kuyamba kuzula rauta pa soketi ndi kuibwezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inayaka pa 6, inayakanso pa 1, kenako inagwera pa 13. Nthawi yomweyo mayi aja anati: "Eya, lasowa! Ndi zimenezitu."

Foni yanga inali pa netiweki ya ofesi, timizere tonse todzaza. Pa laputopu ndinalemba netsh wlan show networks mode=bssid, lamulo lomwe limaonetsa netiweki iliyonse pamodzi ndi tchanelo yake. Mndandanda unali wautali, koma panalibe ngakhale imodzi yopitirira tchanelo 11. Foni inkaonetsanso netiweki ya ofesi yoyandikana nayo pa 12, ndipo imeneyonso laputopu sinkaiona. Kuti pasakhale chikayiko, ndinachotsa Auto n'kumasintha ndi dzanja. Pa 13 dzina lisowa, pa 11 libwera, pa 12 lisowa, pa 1 libwera. Vuto lomwe linkaoneka ngati lobwera mmene lafunira tsopano ndinkaliyatsa ndi kulizimitsa ndekha.

Chifukwa chake

Gawo la 2.4 GHz linagawidwa m'matchanelo otalikirana ndi 5 MHz. Tchanelo 1 ili pa 2412 MHz, 6 ili pa 2437, 11 ili pa 2462, 12 ili pa 2467, ndipo 13 ili pa 2472. Mayiko sagwirizana pa malekezero ake. Ku Ulaya ndi m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito 1 mpaka 13. Ku Japan kuli ndi 14 yomwe, ya 802.11b yokha. Ku America, malamulo a FCC, bungwe loyang'anira mafunde m'dzikolo, anachititsa kuti zida zogulitsidwa kumeneko zizithera pa 11. Makadi ena akale a kumeneko anatsekeredwa malire amenewa kuchokera kufakitale, ndipo sawasiya ngakhale laputopu itawoloka nyanja. Zili ngati wailesi yomwe singano yake imathera panjira: nyumba youlutsira mawu ikasamukira kuseri kwa pomwe singanoyo imafika, wailesi sinawonongeke, koma simva kanthu.

Rauta zomwe zimagulitsidwa kuno zambiri zinapangidwira misika yogwiritsa ntchito matchanelo 13. Ndiye mu ofesi imodzi munakumana rauta yofika pa 13 ndi laputopu yothera pa 11.

Ndinafuna kutsimikiza kuti malirewo ali mu khadi osati mu Windows. Mu Device Manager, pa tsamba la Advanced, makadi ena amakhala ndi mzere wosankhira dera, ndipo kungosintha pamenepo kumatsegula 12 ndi 13. Khadi ili linalibe mzere wotero. Ndinayatsa laputopu ndi Linux ya pa flashi, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, n'kulemba iw list. Pa 2467 MHz ndi 2472 MHz panalembedwa disabled. Windows ndi Linux, yankho limodzi. Apa m'pomwe zinaonekera poyera kuti kufomata sikukanathandiza ngakhale akanafomata kakhumi.

Nanga bwanji inkabwera ngati yachira? Wokonza uja ankaitengera ku shopu yake, n'kuiyesa pa netiweki yake yomwe khadi linkaimva. Pofika poibweza, rauta ya mu ofesi inali itazimapo n'kuyaka kangapo, ndipo mwayi unali waukulu woti ili pa tchanelo yomveka. Aliyense ankakhutira, ndalama n'kulipidwa, mpaka kuthima kotsatira.

Mafoni sankavutika chifukwa foni imadziwa dziko lomwe ili kuchokera ku netiweki ya simu, ndipo nambala ya Malawi pa manetiweki a mafoni ndi 650. Makadi atsopano a malaputopu nawonso ambiri amatha kuphunzira dera kuchokera ku marauta owazungulira, mwa njira ngati ya 802.11d. Khadi lakale lotsekeredwa lilibe nzeru imeneyo.

Funso lomwe linatsala ndi loti n'chifukwa chiyani rauta inkasankha 13 tsiku lina, tsiku lina ayi. Netiweki imodzi ya 2.4 GHz imatenga malo okwana pafupifupi 20 MHz, choncho matchanelo osapondana ndi 1, 6 ndi 11. M'nyumba yodzaza ndi maofesi ndi mashopu ngati iyi, atatu onsewo amakhala ndi eni ake. Marauta ambiri otsika mtengo amamvetsera kamodzi kokha poyaka, n'kusankha pomwe paoneka pabata, n'kukhala pomwepo mpaka adzazimenso. Magetsi akathima, zomwe rauta imamva poyaka zimasintha. Marauta a mashopu omwe sali pa jenereta amakhala chete, pomwe ma MiFi a batire ndi ma hotspot a mafoni amayatsidwa ambiri. Magetsi akabwera, marauta onse amadzuka nthawi imodzi, ofulumira n'kutenga malo, ochedwa n'kupeza podzaza. Rauta ya 4G imachedwako kudzuka. Ikapeza 1, 6 ndi 11 muli phokoso, imathawira kumapeto, pa 12 kapena 13. Kwa rautayo n'kuchita mwanzeru. Abwana anaona bwino kuti vutoli limayenda ndi magetsi, koma magetsiwo sanawotche kanthu.

Kufufuza gawo lachiwiri: kuduka mu ofesi ya abwana

Nditakhazika rauta pa tchanelo yomveka, ndinabwerera ku kudukaduka kuja kwa masana. Zikanakhala zosavuta kunena kuti ntchito yatha, chifukwa dandaulo lalikulu linali litatha. Koma lamulo loti netsh wlan show interfaces linkaonetsa Signal ya m'ma 60 peresenti pa desiki ya mayiwo, mamita ochepa chabe kuchokera pa rauta, popanda khoma pakati. Pamalo otero khadi labwino limapitirira 90. Foni yanga, nditaikakamiza pa 2.4 GHz n'kuiika pambali pa laputopu, inkamva bwino kwambiri.

Ndinatenga adiresi ya rauta pa Default Gateway ya ipconfig, n'kuyamba ping -t yosalekeza, lamulo lomwe limaitana rauta n'kuonetsa ngati ikuyankha, kenako n'kunyamula laputopu kupita nayo mu ofesi ya abwana. Ndimayamba ndi kupima rauta osati webusaiti yakunja, chifukwa ukapima zakunja sudziwa ngati wataya ndi Wi-Fi kapena netiweki ya 4G. Pakati pa zipinda ziwirizo pali khoma la njerwa, ndipo chotsamira khomalo ndi kabati yachitsulo yosungira mafailo. Tisanakhale pansi, mayankho anayamba kuchedwa, kenako Request timed out n'kumatsatizana. Nditaidula n'kuilowetsanso tili m'chipindamo, inalowa, koma ipconfig inaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Adiresi yotere Windows imadzipatsa yokha ikapempha kwa rauta osayankhidwa. Ambiri akaiona amathamangira kunena kuti DHCP ya rauta, mbali yake yogawa maadiresi, yafa. Apa DHCP inali bwino, zida zina zonse zinkalandira maadiresi. Kukambirana kwa laputopu ndi rauta ndi komwe kunkadukira panjira.

Chondiunikira chinali chivundikiro. Ndikapendeketsa sikirini kumbuyo, Signal inkakwera. Ndikaikokera kutsogolo, inkagwa. Eriyo ya Wi-Fi ya laputopu siikhala pansi pa kiyibodi. Imakhala pamwamba pa chivundikiro, kuseri kwa sikirini, ndipo timawaya tiwiri topyapyala timachoka pa khadi, n'kudutsa pa mahinjesi, kukafika kumeneko. Sikirini yomwe inasinthidwa chaka chatha ndi mphamvu ya netiweki yosintha ukagwedeza chivundikiro zinkaloza malo amodzi.

Nditapempha chilolezo kwa abwana, ndinazimitsa laputopu, kuchotsa batire, n'kutsegula. Khadi linali la mini PCIe, ndipo timawaya tonse tiwiri, kakuda ndi koyera, tinali tomatirira bwino pa timabatani take. Vuto linali pa hinjesi yakumanja. Wosintha sikirini uja sanabwezere kawaya kamodzi m'kanjira kake. Anakadutsitsa pamwamba pa chitsulo, ndipo chivundikiro chikamatsekedwa ndi kutsegulidwa tsiku ndi tsiku, chitsulocho chinkakadya. Chikopa chakunja chinali chitasenda, ulusi wonyezimira wamkati utamasuka ngati ndevu za chimanga, ndipo pamalo amodzi kawayako kanali kataphwanyika. Kanali ka MAIN, komwe khadi limadalira kwambiri.

Timawaya timeneti si wamba. Mkati mwake muli waya wapakati ndi chotchinga chozungulira, ndipo kulumikiza ndi mtovu kapena kukulunga tepi sikubwezera mphamvu yake. Kakaonongeka kamasinthidwa konse pamodzi ndi eriyo yake. Mwamwayi ndinali ndi chivundikiro cha laputopu yakufa ya mtundu womwewo, ndipo ndinachotsamo eriyo yamoyo. Pobwezera timabatani pa khadi pamafunika dzanja lofatsa: kuika molunjika, n'kukanikiza kamodzi mpaka kamveke kuti thapu. Ukakanikiza mopendekera, kasoketi ka pa khadi kamathothoka, ndipo pamenepo ndiye kuti khadi lonse lapita.

Pali china chomwe chimasokoneza anthu pa vuto la eriyo. Timizere ta pa sikirini timanena mmene laputopu ikumvera rauta. Sitinena mmene rauta ikumvera laputopu. Rauta ili ndi ma eriyo akuluakulu ndipo mawu ake amafika patali, choncho laputopu yolumala eriyo imatha kuonetsa timizere tiwiri kapena titatu pomwe mawu ake sakufika ku rauta. N'chifukwa chake mayi aja ankadandaula kuti tsamba la misonkho limatseguka, koma akati atumize fomu ali mu ofesi ya abwana, limangozungulira.

Nditabweza zonse, Signal pa desiki inapitirira 90 ndipo sinkasinthanso ndi kugwedeza chivundikiro. Mu ofesi ya abwana inatsikako monga mwa khoma ndi kabati ija, koma ping inayenda osataya, ndipo adiresi inabwera yoyenera.

Zomwe zinachitidwa, ndi zomwe ndinakana kuchita

Pa rauta ndinachotsa Auto pa 2.4 GHz. Nditayenda ndi foni m'zipinda zonse nthawi ya ntchito, pomwe oyandikana nawo onse ali pa intaneti, ndinapeza kuti 11 ndiyo inali ndi phokoso lochepa, ndipo ndinaikhazika pamenepo. M'lifupi mwa tchanelo ndinauika pa 20 MHz. Pa 2.4 GHz m'nyumba yothinana, 40 MHz imangowonjezera kupondana. Mbali ya 5 GHz ndinaisiya mmene inalili, koma ndinaipatsa dzina lakelake kuti tsiku lina wina akadzadandaula, tidzadziwe msanga kuti ali mbali iti. Pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta ndinaisintha n'kuipereka kwa abwana okha. Chitetezo ndinachisiya pa WPA2 ya AES. WPA3, yomwe inatuluka mu 2018, ndi yolimba kuposa pamenepo, koma khadi lakale ngati ili silingaikwanitse, ndipo tikanangobweretsa vuto lachitatu.

Pa laputopu, kupatula eriyo, ndinachotsa chizindikiro pa mzere wa Power Management womwe umalola Windows kuzimitsa khadi posunga batire. Sunali gwero la vutoli, koma pa makina akale umakonda kuchititsa kuti Wi-Fi isadzuke laputopu ikagona. Ndinawauzanso mayiwo kuti ikadzavuta asankhe Restart osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 Fast Startup imasunga mbali ina ya makina pozimitsa, ndipo driver (kapulogalamu koyendetsa khadi) yosokonezeka imadzuka ili yosokonezekabe.

Mnyamata uja anafunsa ngati sitingangosintha dziko pa rauta kuti likhale America, kuti Auto izithera pa 11. Pa marauta ena n'zotheka, koma ndinakana. Kusintha dziko kumasinthanso matchanelo ndi mphamvu za 5 GHz, ndipo mafunde kuno amayang'aniridwa ndi MACRA, osati FCC. Kukhazika tchanelo imodzi kumachita ntchito yomweyo popanda kunamiza chida.

Kusintha khadi lonse ndi lina lomva 5 GHz kukanakhala kwabwino, koma malaputopu ena a nthawi imeneyo ali ndi BIOS, pulogalamu yodzutsa makina, yomwe imakana khadi lomwe silili pa mndandanda wake, mpaka kukana kuyaka. Sindinafune kuyesa zimenezo pa makina a ofesi masiku a misonkho atayandikira. Njira ina ndi ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. N'kotsika mtengo ndipo kakanathetsa mavuto onse awiri nthawi imodzi, koma kamadya malo amodzi a USB, ndipo pa laputopu yomwe imanyamulidwa kuchoka chipinda china kupita china sikachedwa kuthyoka kapena kusowa. Ndinawauza kuti akagule ngati mayiwo adzayambe kugwira ntchito m'maofesi a makasitomala, chifukwa kumeneko sitingalamulire tchanelo ya rauta ya eni ake, ndipo vuto la 12 ndi 13 lidzawapezanso. Malire a khadi sanachoke. Tangowazemba mkati mwa ofesi ino.

Zotsatira

Masabata otsatira magetsi anathima monga mwa nthawi zonse, jenereta n'kumayatsidwa, koma dzina la netiweki silinasowenso. Mafomu a mwezi umenewo anapita pa nthawi yake. Mayi aja anaimbanso tsiku lina kuti laputopu yalemba No internet, secured. Ndinawafunsa ngati anzawo ali pa intaneti, ndipo anati onse ayi. Uthenga umenewo umatanthauza kuti laputopu yalowa bwino pa rauta, koma Windows yalephera kufika pa seva yake yoyesera intaneti. Bandulo inali itatha, ndipo atagula ina zonse zinabwerera.

Chiopsezo chomwe ndikuchiona ndi kabowo ka Reset kumbuyo kwa rauta. Intaneti ikachedwa, pamapezeka wina wotenga phini n'kukabaya, ndipo rauta imabwerera pa Auto, maina n'kubwerera akale. Ndinamata kapepala kunsi kwake kolembedwa kuti 2.4 GHz ikhale pa tchanelo 11, 20 MHz, ndipo ndinasungira abwana failo ya makonzedwe a rauta pa flashi kuti idzangobwezedwa. Tchanelo 11 nayonso siidzakhala yabata mpaka kale. Ofesi yopanda anthu ya kumapeto kwa khonde ikadzapeza mwini, padzafunika kuyendanso ndi foni n'kuona.

M'lipoti lomwe ndinasiyira abwana ndinalembamo zinthu ziwiri zofuna ndalama. Choyamba ndi ka UPS kakang'ono ka 12V ka rauta, kabatire kolandira magetsi akathima, kuti isamazime pa mphindi za pakati pa magetsi ndi jenereta, chifukwa fomu yodukira pakati imavutitsa ngakhale tchanelo ili bwino. Chachiwiri ndi laputopu yeniyeniyo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makinawa sangalandire Windows 11, yomwe imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa yatsopanoko, pa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Laputopu yosunga manambala a misonkho ndi malipiro a anthu ena siyenera kukhala nthawi yaitali yopanda zotseka mipata ya chitetezo. Abwana anavomera za UPS kuti agula makasitomala akalipira kumapeto kwa mwezi. Za laputopu anati aziika mu bajeti ya chaka chamawa, ndipo ndinawapempha kuti asanalipire adzandiitane ndidzaone khadi lake.